Satifiketi Yodziwika Kunja: Phindu la IB ndi Cambridge kwa Mwana wa mu Zambia

Caka ciri conse, zotsatira za mayeso a giredi 12 zikalengezedwa, pamakhala ana amene amakhoza mocititsa kaso, aja anthu amati apeza mapointi 6 kapena 7. Makolo ena a ana otere amayamba kulembera mayunivesite a kunja, ndipo ambiri mwa iwo amadzidzimuka ndi yankho locokera ku Britain. Kawirikawiri yankholo limati satifiketi ya mwanayo ndi yabwino, koma siikwanira kumulowetsa m'caka coyamba ca digiri. Ayambe waphunzira caka cimodzi cokonzekera, kapena abwere ndi A-Level, kapena dipuloma ya International Baccalaureate, imene mwacidule imachedwa IB.

Yankho lotere limapweteka, ndipo makolo ena amaliona ngati cipongwe pa dziko lino. Koma gwero lake si kupeputsa nzeru za mwana. Nkhani yagona pa zinthu ziwiri. Coyamba ndi mlingo umene maphunziro a sekondale amathera m'dziko liri lonse. Caciwiri ndi funso lakuti munthu wa mu ofesi yolandira ophunzira ku Manchester kapena ku Toronto, amene sanamvepo za Chizongwe, Munali kapena St. Monica's, angadziwe bwanji kulemera kwa pepala limene laikidwa patebulo pake. Makolo amene amalipira ndalama zambiri pa masukulu a IB kapena a Cambridge amagula makamaka cinthu cimeneci: pepala limene mlendo wakutali angawerenge ndi kulikhulupirira popanda womasulira.

Mmene Zambia inasiyira fomu 6

Mayeso a kunja si acilendo m'dziko lino. Pa nthawi ya Northern Rhodesia, ana ocepa amene ankafika kumapeto kwa sekondale ankalemba Cambridge School Certificate. Mafunso ankacokera ku England, ndipo mayankho ankabwezedwa komweko kukacongedwa. Pa sukulu ya Munali mu Lusaka panali ndi fomu 6, kumene anyamata ankakonzekera kupita ku mayunivesite a kunja, pakuti m'dziko muno munalibe yunivesite.

Pofika pa ufulu mu 1964, Zambia inali ndi nzika pafupifupi 100 cabe zokhala ndi digiri. Dziko latsopano linafuna madokotala, aphunzitsi ndi akatswiri a migodi mwamsanga. Komiti yotsogozedwa ndi Sir John Lockwood, imene inapereka lipoti lake mu 1963, inalangiza kuti yunivesite yatsopano izilandira ophunzira akangomaliza mayeso a O-Level, osadikira zaka ziwiri za fomu 6. Yunivesite ya Zambia, UNZA, inatsegulidwa mu 1966 motsatira langizo limenelo. Digiri yake inakhala ya zaka zinai m'malo mwa zitatu monga ku England, cifukwa caka coyamba cinatenga nchito imene fomu 6 ikanagwira. Pambuyo pake fomu 6 inatha m'masukulu a boma.

Cinali cosankha canzeru pa nthawi yake, popeza cinatsegula khomo la yunivesite kwa ana ambiri a kumidzi. Koma cinasiya cizindikiro cimene cikuonekabe. Pamene bungwe la Examinations Council of Zambia, ECZ, linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1983, n'kuyamba kugwira nchito mokwanira mu 1987, satifiketi imene linatenga m'manja mwa Cambridge inali ya mlingo wa O-Level. N'cifukwa cake mabungwe a ku Britain amayerekeza satifiketi ya giredi 12 ndi GCSE, mayeso amene ana a kumeneko amalemba ali ndi zaka 16, asanayambe zaka ziwiri za A-Level. Mwana wa ku Chipata wokhala ndi mapointi 6 sanalephere kali konse. Anangomalizira pa sitepe imene anzake a ku London amapitirirapo.

Kumene IB inacokera

IB inabadwa cifukwa ca bvuto la ana a anthu oyendayenda. Mu mzinda wa Geneva, m'dziko la Switzerland, munali sukulu yochedwa International School of Geneva, yotsegulidwa mu 1924 kaamba ka ana a ogwira nchito m'mabungwe a maiko onse. Ana a m'kalasi imodzi ankagawidwa m'magulu pofika ku mayeso otsiriza: ena kukonzekera mayeso a ku Britain, ena a ku France, ena a ku Switzerland, ena a ku America. Aphunzitsi anaona kuti kugawa ana motero kunali kuononga ndalama ndi nthawi, ndiponso kunali kutsutsana ndi colinga ca sukulu yophunzitsa ana a mitundu yonse pamodzi. Anayamba kufunafuna mayeso amodzi amene mayunivesite a maiko osiyanasiyana angabvomereze.

Bungwe la IB linalembetsedwa ku Geneva mu 1968, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Alec Peterson wa pa yunivesite ya Oxford. Mayeso oyamba a dipuloma analembedwa mu 1970. Lero masukulu oposa 5,000 m'maiko oposa 150 amaphunzitsa motsatira dongosolo la IB. Bungweli linaonjezanso maphunziro a ana apakati mu 1994 ndi a pulaimale mu 1997, koma cimene mayunivesite amayang'ana ndi dipuloma ya zaka ziwiri zotsiriza, imene ana amaphunzira ali ndi zaka za pakati pa 16 ndi 19.

Mwana wa dipuloma amatenga maphunziro 6. Pamakhala cilankhulo cimene amacidziwa bwino pamodzi ndi mabuku ake, cilankhulo caciwiri, phunziro limodzi la za anthu monga mbiri kapena zacuma, limodzi la sayansi, masamu, ndipo lacisanu ndi cimodzi limakhala la luso monga nyimbo ndi zojambula, kapena lina loonjezera kucokera m'magulu enawo. Atatu mwa maphunzirowa amatengedwa pa mlingo wapamwamba, wa maola 240 a m'kalasi, ndipo atatu enawo pa mlingo wamba, wa maola 150. Palibe amene amaloledwa kuthawa masamu, ndipo wofuna udokotala sathawa mabuku.

Pa kawerengedwe ka mapointi m'pofunika kusamala, cifukwa n'kosemphana ndi kamene makolo a mu Zambia anazolowera. Pa mayeso a ECZ, 1 ndiye giredi yapamwamba ndipo 9 ndi kulephera, motero wa mapointi ocepa ndiye wakhoza. Pa IB, phunziro liri lonse limapatsidwa kuyambira 1 mpaka 7, ndipo 7 ndiye pamwamba. Maphunziro 6 amapereka mapointi 42, ndipo mapointi ena 3 amacokera ku nchito ziwiri zolemba, kukwanitsa 45. Kuti mwana alandire dipuloma afunika mapointi osacepera 24, pamodzi ndi kukwaniritsa malamulo ena. Kholo likamva kuti mwana wa mnansi wapeza mapointi 40 pa IB lisamumvere cisoni: mwanayo wakhoza kwambiri.

Nchito zitatu zimene ziri pakati pa dipuloma

Cimene cimasiyanitsa IB ndi mayeso ena ambiri ndi nchito zitatu zimene mwana ali yense ayenera kucita kuonjezera pa maphunziro 6 aja. Yoyamba imachedwa Extended Essay. Mwana amasankha yekha funso, n'kufufuza kwa miyezi yambiri moyang'aniridwa ndi mphunzitsi mmodzi, kenaka n'kulemba nkhani ya mau osapitirira 4,000, yosonyeza kumene mfundo iri yonse yacokera. Mwana wa mu Zambia angathe kufufuza za mitengo ya fodya kum'mawa, za ukhondo wa madzi a mu Kafue kufupi ndi migodi, kapena za kusintha kwa Cinyanja ca mu Lusaka. Nkhaniyo siicongedwa ndi mphunzitsi wake, imatumizidwa kwa oconga a bungwe la IB.

Apa pali phindu limene silioneka pa satifiketi koma limaoneka m'caka coyamba ca yunivesite. Ana ambiri ocokera m'masukulu odzaza, kumene mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana oculuka ndipo buku limodzi limagawanidwa, amakhoza mwa kuloweza manotsi ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Akafika ku yunivesite amauzidwa kulemba masamba khumi, kuchula mabuku amene awerenga, ndi kusakopera mau a wina ngati ao. Ambiri amakumana ndi zimenezi kwa nthawi yoyamba. Wa IB amakhala atalawa kale zowawa zake ali ndi zaka 17, mphunzitsi ali pambali pake.

Nchito yaciwiri imachedwa Theory of Knowledge, phunziro la maola 100 lofunsa mmene anthu amadziwira zimene amati akudziwa. Kodi umboni wa katswiri wa sayansi umasiyana bwanji ndi wa katswiri wa mbiri? Kodi nkhani imene agogo analandira pakamwa kucokera kwa makolo ao ingayesedwe ndi muyeso uti? Mwana amalemba nkhani ya mau 1,600 ndi kukonza cionetsero cacing'ono. Anthu ena amaliona ngati phunziro losadyetsa munthu. Komatu masiku ano, pamene mphekesera imayenda pa WhatsApp kuposa nkhani ya pa wailesi, mwana wozolowera kufunsa kuti mwadziwa bwanji ali ndi cida cimene akulu ambiri alibe.

Yacitatu ndi ya luso, masewera ndi kutumikira anthu, imene mwacidule amati CAS. Iyi iribe mapointi, koma woinyalanyaza salandira dipuloma ngakhale atakhoza zonse.

Palinso mfundo imene makolo ambiri saidziwa. Ngakhale kuti mayeso a IB amalembedwa makamaka m'Cingerezi, Cifalansa ndi Cisipanishi, malamulo ake amalola mwana kuphunzira mabuku a m'cilankhulo cake cobadwa naco monga phunziro loyamba, ngakhale pa sukulupo palibe mphunzitsi wa cilankhuloco, malinga sukulu yapempha ndi kukonza dongosolo lake. Mwana wocita zimenezo, n'kulemba maphunziro ena m'Cingerezi, angalandire dipuloma yosonyeza kuti amadziwa zilankhulo ziwiri.

Njira ya Cambridge

Masukulu ambiri a mu Zambia amene amaphunzitsa maphunziro a kunja amatsata Cambridge osati IB. Bungwe la mayeso la yunivesite ya Cambridge linayamba mu 1858, ndipo mayeso ake a IGCSE, okonzedwera ana a m'maiko osiyanasiyana, analembedwa koyamba mu 1988. Pambuyo pa IGCSE pamabwera A-Level, kumene mwana amatenga maphunziro atatu kapena anai okha n'kuwazama kwa zaka ziwiri. Masukulu oposa 10,000 m'maiko 160 amalembetsa mayeso a Cambridge. Mu Zambia, ena mwa odziwika ndi Chengelo ku Mkushi, Baobab College mu Lusaka ndi Lechwe ku Kitwe. Dipuloma ya IB imapezeka pa International School of Lusaka, yotsegulidwa mu 1963, ndi pa American International School of Lusaka, yotsegulidwa mu 1986.

Kusiyana kwa njira ziwirizi n'kofunika kwa mwana mwini. Amene akudziwa kale kuti afuna uinjiniya, ndipo mabuku a nthano amam'topetsa, A-Level ya masamu, Physics ndi Chemistry imam'yenera. Amene sanasankhe, kapena amene amakhoza mbali zonse, IB imam'siyira makomo ambiri otsegula. Kusiyana kwina ndi kwa ndalama: mayeso a Cambridge munthu angalembe payekha kudzera ku British Council, ataphunzira kumene angathe, pamene dipuloma ya IB siilembedwa ndi munthu amene sali pa sukulu yobvomerezedwa ndi bungwelo.

Cimene pepalali limatsegula

Mwana wa IB kapena A-Level amalowa mwacindunji m'digiri ya zaka zitatu ku England. Yunivesite imangonena mapointi kapena magiredi amene ifuna, ndipo mwana wa ku Lusaka amayesedwa ndi muyeso umodzi ndi wa ku Nairobi kapena ku Singapore. Mnzake wa giredi 12 amayamba ndi caka cokonzekera, cimene malipiro ake a maphunziro okha kawirikawiri amaposa mapaundi 10,000, osawerengera nyumba ndi cakudya. Ku America, mayunivesite ambiri amacotserako maphunziro ena a caka coyamba kwa amene anakhoza bwino pa mlingo wapamwamba wa IB. Ku South Africa, kumene ana ambiri a mu Zambia amapita, wocokera kunja afunika cikalata comuloleza kuyamba digiri, ndipo IB ndi A-Level ziri pa mndandanda wa masatifiketi amene malamulo ake ndi odziwika kale.

Phindu lina limakhudza mabanja osamukasamuka. Namwino amene wapeza nchito ku Britain, injiniya wa pa mgodi amene watumizidwa ku dziko lina, kapena wogwira nchito ku ofesi ya kazembe, amadziwa bvuto la kucotsa mwana pakati pa sekondale. Mwana wa IGCSE kapena IB amakapeza silabasi yomweyo kumene akupita, ndipo mayeso amalembedwa pa nyengo zodziwika: IB mu Meyi ndi mu Novembala, Cambridge ca m'ma Juni ndi mu Novembala. Ili ndilo bvuto lomwe lija aphunzitsi a ku Geneva anafuna kuthetsa.

Koma zonsezi zimaima pa cikhulupiriro. Yunivesite imabvomereza giredi 6 ya IB cifukwa imadziwa kuti mphunzitsi wa mwanayo sindiye anaipereka yekha. Mayeso amacongedwa ndi anthu a m'maiko ena amene samudziwa mwanayo. Ngakhale nchito imene mphunzitsi amaconga pa sukulu, zitsanzo zake zimatumizidwa kwa oyang'anira, ndipo ngati mphunzitsi anali wopatsa mopitirira, mamaki a kalasi yonse amatsitsidwa. Sukulu nayo imayenderedwa pakapita zaka zingapo, ndipo cilolezo cake cingalandidwe.

Zambia ikudziwa mtengo wa cikhulupiriro cimeneci. Mu Okutobala 2018 boma linaimitsa kwa kanthawi mayeso a giredi 7, 9 ndi 12 pambuyo pakuti mafunso ena anapezeka akufalitsidwa asanalembedwe. Wobera mayeso saba mamaki okha, amatsitsanso mtengo wa satifiketi ya mwana wa ku Lundazi amene anawerengera pa nyali usiku wonse. Komabe pasakhale woganiza kuti mabungwe a kunja alibe banga. Mu Meyi 2024 bungwe la IB linabvomereza kuti ana ena amene analemba msanga, cifukwa ca kusiyana kwa maola pakati pa maiko, anaika mafunso pa intaneti. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utabuka, IB ndi Cambridge sanalembetse mayeso a pakati pa caka, ndipo magiredi amene anawerengedwa m'malo mwake anadzetsa madandaulo ambiri mpaka ena anasinthidwa.

Mtengo wake, ndi amene angaufike

Cosabisika n'cakuti maphunzirowa ndi a anthu ocepa. Malipiro a masukulu a IB mu Lusaka amafika madola zikwi zambiri pa caka, ndipo kumene amawerengedwa m'madola, Kwacha ikatsika kholo limalipira zambiri popanda sukulu kukweza kali konse. Ndalama za mayeso enieniwo zimalipiridwa padera. Izi zikucitika m'dziko limene boma linacotsa malipiro m'masukulu ake mu Januwale 2022 cifukwa mabanja ambiri ankalephera ngakhale ndalama zocepa za pa temu.

Motero mau akuti IB imapulumutsa ndalama ayenera kuyesedwa bwino. Zaka ziwiri pa sukulu yodula mu Lusaka zingathe kudya ndalama zoposa caka cimodzi cokonzekera ku Britain. Ndiponso nthawi yosankha ndi yofunika. Mwana amene walowa njira ya Cambridge kapena IB akali pakati pa sekondale amamaliza pa msinkhu umodzi ndi anzake a giredi 12, ali ndi pepala la mlingo wokwera. Koma amene wayamba A-Level atamaliza kale giredi 12 amaonjezera nthawi, mwina zaka ziwiri zathunthu, pamene mayunivesite ena a ku Britain amalandira wophunzira amene wamaliza bwino caka coyamba pa UNZA kapena pa Copperbelt University.

Ilipo njira imodzi yodziwika imene mwana wa banja losauka angafikire dipuloma ya IB. Masukulu a United World Colleges, UWC, amene yoyamba yake inatsegulidwa ku Wales mu 1962, amasankha ana kudzera m'makomiti a m'maiko ao, ndipo Zambia iri nayo komiti yotere. Ambiri osankhidwa amathandizidwa pa malipiro malinga ndi kusowa kwa banja. Mu Africa muli masukulu awiri a UWC. Ina iri ku Tanzania, ndipo ina ndi Waterford Kamhlaba ku Eswatini, yotsegulidwa mu 1963 kuti ana a mitundu yonse aphunzire pamodzi pamene tsankho linali lamulo ku South Africa. Ana a Nelson Mandela ndi a Desmond Tutu anaphunzira kumeneko. Kuyambira mu 2000, thumba la Davis limathandiza omaliza pa UWC kulipira m'mayunivesite ambiri a ku America. Malo ndi ocepa ndipo mpikisano ndi waukulu, koma aphunzitsi akulu a masukulu a kumidzi angacite bwino kudziwa nthawi imene komitiyo imaitana ofuna, cifukwa mwana sangapemphe cinthu cimene sanamvepo.

Makolo ayeneranso kucenjera ndi zikwangwani. Liu lakuti International lolembedwa pa geti silitanthauza kuti sukuluyo ndi yobvomerezedwa ndi bungwe liri lonse la kunja. Bungwe la IB limasindikiza pa intaneti maina a masukulu onse amene linawaloleza, ndipo sukulu yolembetsedwa ndi Cambridge imakhala ndi nambala yake ya malo olembera mayeso. Kholo liri ndi ufulu wopempha kuona zimenezi lisanalipire, pamodzi ndi zotsatira za zaka zapitazo ndi ciwerengero ca ana amene analandira dipuloma yathunthu. Funso lotsirizali ndi lofunika, pakuti mwana angathe kulemba maphunziro ena a IB n'kulandira satifiketi ya maphunzirowo popanda dipuloma, ndipo si mayunivesite onse amene amailandira mofanana.

Mwana wotsala mu Zambia

Kwa mwana amene adzaphunzira pa UNZA, pa Copperbelt University kapena pa Mulungushi, satifiketi ya ECZ ndiyo njira yowongoka, ndipo makirediti asanu a O-Level ndiwo maziko olowera. M'malo mwake wa satifiketi ya kunja ndiye amakhala mlendo kwao: mapepala ake ayenera kuyamba ayerekezedwa ndi mlingo wa m'dziko muno. Bungwe la Zambia Qualifications Authority, ZAQA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndilo liri ndi udindo wotsimikizira ndi kuyesa masatifiketi ocokera kunja. Satifiketi ya giredi 12 nayo siithera pa malire. Kwa zaka zambiri ana akhala akupita nayo ku Russia, China, India ndi maiko ena pa thandizo lodzera m'boma.

Palinso cimene mwana wa silabasi ya kunja angataye ngati sukulu ndi makolo sasamala. Mayeso a ECZ ali ndi mbiri ya Zambia, maphunziro a za unzika, ndi zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'dziko muno, Cinyanja ciri cimodzi mwa izo. Mwana angathe kumaliza IGCSE akudziwa bwino za nkhondo za ku Ulaya koma osadziwa za Cha Cha Cha kapena za ulendo wa Angoni powoloka Zambezi mu 1835. Ndipo pepala lotsegula makomo a kunja limatsegulira kunja ndithu: ambiri opita sabwerera msanga, ndipo dziko limene linawalera limakhala likusowabe madokotala.

Boma layamba kutseka mpata umene unatseguka m'zaka za m'ma 1960. Dongosolo latsopano la maphunziro la mu 2023, limene linayamba kugwira nchito mu 2025, lasintha kagawidwe ka zaka. Pulaimale yakhala ya zaka 6, sekondale ya O-Level ya zaka zinai kuyambira fomu 1 mpaka fomu 4, ndipo pamwamba pake pabwerera fomu 5 ndi fomu 6 za A-Level. Zaka zonse zikadali 12 monga kale, koma pothera pake pakwera. Ngati zonse ziyenda monga zinakonzedwera, ana amene anayamba fomu 1 mu 2025 adzalemba mayeso a fomu 4 mu 2028.

Dzina la A-Level palokha silidzakwanira kuti yunivesite ya ku Leeds kapena ku Cape Town ilandire pepalalo. Mabungwe oyerekeza masatifiketi, monga UK ENIC ku Britain ndi SAQA ku South Africa, amayang'ana silabasi, kuzama kwa mafunso, ndi kacongedwe ka mayeso asananene mlingo wa satifiketi yatsopano. Chemistry ya fomu 6 imafuna labotale yokhala ndi madzi, magetsi ndi mankhwala oyesera, ndiponso mphunzitsi wa digiri ya phunzirolo. Masukulu a mu Lusaka ndi a ku Copperbelt angazipeze msanga zimenezi. Makolo a ku Chama, Chadiza ndi Vubwi adzafuna kudziwa kuti ndi masukulu ati a m'cigawo cao amene adzakhala ndi fomu 5, ndi malo angati amene adzakhalemo.